Ming'alu ya Pansi pa Nyanja ya Malawi ndi Zivomerezi za M'dziko Muno

Mawu Oyamba

Dziko la Malawi lili m'chigwa chachikulu chimene chinadza chifukwa cha kung'ambika kwa nthaka ya kum'mawa kwa Africa. Kung'ambikaku kukupitirira mpaka lero, ndipo ndiko kumabweretsa zivomerezi zimene zimamveka nthawi ndi nthawi m'maboma a m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire. Ming'alu ina imene imayambitsa zivomerezizi imaoneka kumtunda, koma yambiri ili pansi pa madzi a Nyanja ya Malawi, kumene maso sangathe kufika.

Nkhani ino yakonzedwa pofuna kuthandiza alimi, asodzi, amalonda ndi anthu onse kumvetsa chimene chikuchitika pansi pa nthaka, madera amene ali pachiopsezo, zivomerezi zimene zinachitikapo kale, ndiponso njira zotetezera moyo ndi katundu. Palibe munthu angathe kuletsa chivomerezi, koma kuchuluka kwa imfa ndi kuwonongeka kwa chuma kumadalira kwambiri malo amene anthu amangapo, kamangidwe ka nyumba zawo, ndi zimene amachita nthaka ikayamba kugwedezeka.

Chifukwa Chimene Nthaka Imasunthira

Pansi pa dothi limene alimi amalima pali thanthwe lolimba limene lakuta dziko lonse lapansi. Thanthweli linagawika m'zibenthu zikuluzikulu zimene zimayenda pang'onopang'ono pamwamba pa miyala yotentha ndi yofewerapo ya mkati mwa dziko. Pamene zibenthu ziwiri zachita malire, mwina zimagundana, mwina zimakhulana cham'mbali, mwinanso zimapatukana. Kum'mawa kwa Africa zibenthuzi zikupatukana.

Akatswiri a za miyala amatcha chibenthu chachikulu cha kumadzulo kuti Nubia, ndipo cha kum'mawa amachitcha Somalia. Pakati pa ziwirizi pali zibenthu zina zocheperapo. Chimodzi mwa izo ndi Rovuma, chimene chili kum'mawa kwa Nyanja ya Malawi ndipo chatenga kumpoto kwa Mozambique ndi kummwera kwa Tanzania. Nyanja ya Malawi ili pamalire enieni pamene chibenthu cha Rovuma chikuchoka kulowera kum'mawa.

Zipangizo za GPS zimene zinazikidwa pa matanthwe zasonyeza kuti kupatukanaku sikupitirira mamilimita 3 pachaka, ndipo kummwera kwa dziko lino n'kocheperapo kusiyana ndi kumpoto. Chikhadabo cha munthu chimakula pafupifupi motero pa mwezi umodzi wokha. Ngakhale zili choncho, kuyenda kwa mamilimita 2 pachaka kumakwana masentimita 20 pa zaka 100, ndi mamita 2 pa zaka 1,000. Miyala ya mbali ziwiri za mng'alu imakhala yogwirana zolimba, choncho siitsetsereka tsiku ndi tsiku. Imapirira kukokedwa kwa zaka zambiri kufikira italephera, kenaka imatsetsereka mwadzidzidzi m'masekondi ochepa. Kugwedezeka kumene kumafalikira kuchokera pamenepo ndiko chivomerezi.

Momwe Chigwa ndi Nyanja Zinapangikira

Chigwa cha kum'mawa kwa Africa chili ndi nthambi ziwiri. Ya kum'mawa imadutsa ku Ethiopia, Kenya ndi kumpoto kwa Tanzania. Ya kumadzulo ndi imene ili ndi nyanja za Albert, Edward, Kivu, Tanganyika, Rukwa ndi Malawi, ndipo imatsika ndi chigwa cha Shire kulowa m'dziko la Mozambique.

Nthaka ikamakokedwa mbali ziwiri, gawo lina limamira potsata mng'alu pamene gawo loyandikana nalo limakwera. Zimenezi zitachitika mobwerezabwereza kwa zaka mamiliyoni angapo, panapangika chigwa chakuya chimene chinadzaza madzi. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo pamene yatambalala kwambiri ndi makilomita pafupifupi 75. Pamwamba pa madzi ake ndi pokwera mamita pafupifupi 475 kuchokera pa mlingo wa nyanja ya mchere, pamene malo ake akuya kwambiri ndi mamita pafupifupi 700. Izi zikutanthauza kuti pansi pa nyanjayi patsika mamita oposa 200 kupitirira mlingo wa nyanja ya mchere. Pansi pa madziwo palinso matope ndi mchenga zimene mitsinje yakhala ikuthira, ndipo m'malo ena zaunjikana makilomita oposa 4.

Ming'alu ikuluikulu ya m'malire mwa chigwa imasinthana mbali. Kumpoto, mng'alu waukulu uli kum'mawa, m'tsinde mwa mapiri a Livingstone ku Tanzania, amene amaoneka ngati khoma munthu akaima pagombe la Karonga. N'chifukwa chake mbali ya Karonga ili ndi chidikha chachikulu cholimamo mpunga, pamene kutsidya mapiri amatsikira m'madzi mwachindunji. M'chigawo chapakati cha nyanja mng'alu waukulu uli kumadzulo, cha ku Usisya, ndipo malo akuya kwambiri a nyanja yonse ali pafupi ndi gombe limeneli, kumpoto kwa Nkhata Bay. Chakummwera mng'alu waukulu ukupezekanso kum'mawa, cha ku Metangula m'dziko la Mozambique.

Zizindikiro za kung'ambika kumeneku anthu amaziona tsiku ndi tsiku. Chitunda cha Chiweta pa msewu wa M1, msewu wokhotakhota wa Gorodi wokwera ku Livingstonia, msewu wa Khwekhwelere wochokera ku Golomoti, ndi chitsetso cholowera ku Chikwawa, zonsezi zili pa zitunda zimene ming'alu inapanga. Akasupe a madzi otentha a ku Chiweta, Nkhotakota ndi Liwonde ndi madzi amene amalowa pansi kwambiri, n'kutentha, kenaka n'kubwerera pamwamba kudzera m'ming'alu. Kumpoto kwa nyanja, m'dziko la Tanzania, kuli mapiri ophulika a Rungwe, Ngozi ndi Kyejo, amenenso ndi mbali ya chigwa chomwechi.

Ming'alu ya Pansi pa Madzi

Ming'alu ya pansi pa nyanja imadziwika pogwiritsa ntchito phokoso. Sitima imayenda pamadzi ikutulutsa phokoso lamphamvu lolowa pansi, ndipo zipangizo zimene imakoka zimamva phokosolo likamabwerera kuchokera m'matope ndi m'miyala. Kuchokera pamenepo akatswiri amajambula chithunzi cha mmene matope anayalirana. Pamene mizere ya matope yaduka, mbali ina n'kutsika kuposa inzake, pamenepo pali mng'alu.

Kafukufuku wamkulu woyamba wa mtundu umenewu pa Nyanja ya Malawi anachitika m'zaka za m'ma 1980, pansi pa ntchito yotchedwa PROBE ya yunivesite ya Duke ku America. Mu 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanja n'kutulutsa matope kuchokera mamita oposa 300 kunsi kwa pansi pa nyanjayo, ndipo matopewo anasunga mbiri ya zaka zoposa 1 miliyoni. Anasonyeza kuti pa nthawi za chilala choopsa, zaka zapakati pa 135,000 ndi 75,000 zapitazo, madzi a m'nyanjayi ankatsika ndi mamita mazana angapo. Mu 2015, pansi pa ntchito yotchedwa SEGMeNT, akatswiri anayezanso kumpoto ndi pakati pa nyanja, ndipo anaika pansi pa madzi zipangizo zojambula kugwedezeka kwa nthaka.

Kutsika kwa madzi kwa nthawi yakaleyo kunasiya mzere wodziwika bwino m'matope, umene zaka zake ndi pafupifupi 75,000. Mzere umenewu ndi wothandiza kwambiri, chifukwa mng'alu uliwonse umene waudula ndiye kuti wasuntha kuchokera nthawi imeneyo. Kafukufukuyu anapeza kuti si ming'alu ikuluikulu ya m'malire yokha imene ikuyenda. Mkati mwa chigwa, pansi pa madzi, muli ming'alu ina yambiri imene yadula mzerewu, ndipo ina yautsitsa ndi mamita oposa 10. Ina mwa ming'aluyi ili pafupi ndi gombe la Malawi.

Kummwera kwa nyanja ming'alu imaonekera kumtunda. Wodziwika kwambiri ndi wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita oposa 100, umene umadutsa m'tsinde mwa zitunda za Dedza ndi Ntcheu ndipo m'malo ambiri uli ndi chiphedi cha mamita oposa 10. Ina ndi ya Chirobwe-Ntcheu, Malombe, Zomba, Thyolo ndi Mwanza. Nthambi ya boma yofufuza za miyala, imene likulu lake lili ku Zomba, mogwirizana ndi mayunivesite a Bristol ndi Cardiff ku Britain, inasonkhanitsa mndandanda wa ming'alu 113 yamoyo ya m'dziko muno ndi m'malire mwake, ya kumtunda ndi ya pansi pa madzi. Kung'ambika komweku kukuchitikanso pansi pa nyanja ya mchere ya India, pafupi ndi gombe la kumpoto kwa Mozambique, kumene kuli chigwa cha pansi pa madzi chotchedwa Kerimbas, kumalire a kum'mawa a chibenthu cha Rovuma.

Zivomerezi Zimene Zinachitikapo

Pa 10 Marichi 1989 chivomerezi cha mphamvu yopitirira 6 chinagwedeza boma la Salima ndi madera oyandikana nalo. Anthu 9 anamwalira, pafupifupi 100 anavulala, ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pokhala. Chinayambira pansi kwambiri, makilomita pafupifupi 30, choncho chinamveka m'dera lalikulu la chigawo chapakati.

Mu Disembala 2009 boma la Karonga linagwedezeka kwa masabata angapo. Zivomerezi zikuluzikulu zinali cha pa 6 Disembala cha mphamvu ya 5.8, cha pa 8 Disembala cha 5.9, cha pa 12 Disembala cha 5.4, ndi chachikulu pa zonse cha 6.0, chimene chinachitika usiku wa pa 19 kuchera pa 20 Disembala. Anthu 4 anamwalira, pafupifupi 300 anavulala, nyumba zoposa 1,000 zinagwa ndipo zina pafupifupi 2,900 zinawonongeka. Zivomerezizi zinayambira pafupi ndi pamwamba, pa kuya kosafika makilomita 10, ndipo nthaka inang'ambika moonekera pa mtunda wa makilomita angapo. Gwero lake silinali mng'alu waukulu wa Livingstone. Unali mng'alu wocheperapo wa m'chidikha cha Karonga, umene unakwiririka ndi dothi ndipo sunkadziwika kale. Akatswiri anautcha St Mary's. Popeza inali nthawi ya dzinja, mabanja ambiri anagona panja pa mvula, pa nyengo imene anafunika kukhala m'minda.

Pa 8 Marichi 2018 chivomerezi cha mphamvu ya pafupifupi 5.5 chinachitika cha ku Nsanje, kufupi ndi malire a Mozambique. M'maiko oyandikana nawo mwachitika zazikulu kuposa izi. Pa 13 Disembala 1910 dera la Rukwa ku Tanzania linagwedezeka ndi chivomerezi cha mphamvu ya 7.4. Pa 5 Disembala 2005 cha mphamvu ya 6.8 chinayambira pansi pa Nyanja ya Tanganyika, ndipo mu Febuluwale 2006 cha mphamvu ya 7.0 chinachitika ku Machaze, m'chigawo cha Manica ku Mozambique.

Tanthauzo la Manambala Oyezera Chivomerezi

Sikelo yoyezera zivomerezi siyenda ngati ya pamsika. Nambala ikakwera ndi 1, mphamvu yotuluka imachuluka pafupifupi ka 32. Motero chivomerezi cha 7 chimaposa cha 6 pafupifupi ka 32, ndipo chimaposa cha 5 pafupifupi ka 1,000. Kuwononga kwa chivomerezi kumadaliranso kuya kwa pamene chayambira, kutalika kwa mtunda kuchokera pamenepo, mtundu wa nthaka, ndi kulimba kwa nyumba.

Kukula kwa chivomerezi kumayenderana ndi kutalika kwa mng'alu umene watsetsereka. M'chigwa cha Malawi miyala ndi yolimba mpaka pa kuya kwa makilomita 30 kapena kuposerapo, ndipo ming'alu ina ndi yaitali kwambiri. Pa chifukwa chimenechi akatswiri amawerengera kuti mng'alu ngati wa Bilila-Mtakataka ungathe kubweretsa chivomerezi chopitirira 7 utatsetsereka wonse nthawi imodzi. Popeza nthaka ikukokedwa pang'onopang'ono, pamatha kupita zaka zikwi zambiri mng'alu umodzi usanabwereze chivomerezi chachikulu. Koma ming'alu ilipo yambiri, ndipo dera limene agogo a kumeneko sakumbukira chivomerezi chowononga likhoza kukhala pafupi ndi mng'alu umene wakhala ukukokedwa kwa zaka mazana ambiri.

Zofunika kwa Alimi

Nthaka yabwino kwambiri ya ulimi wa mpunga, nzimbe ndi mbewu za m'dimba ili m'zidikha za m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, ndipo nthaka yomweyi ndi imene imagwedezeka kwambiri. Dothi lofewa la mchenga ndi matope limakulitsa kugwedezeka kuposa thanthwe. Kumene madzi ali pafupi ndi pamwamba, mchenga wonyowa ukagwedezeka kwambiri umafewa ngati phala, madzi ndi mchenga n'kumatumphuka m'ming'alu, ndipo chilichonse cholemera chimene chili pamwamba chimatitimira kapena kupendekeka. Zoterezi zinaoneka ku Karonga mu 2009 ndi ku Machaze mu 2006. Choncho alimi akulangizidwa kulima m'madambo koma kumanga nyumba, nkhokwe ndi makola pa malo okwerako, a nthaka yolimba ndi youma.

Makomiti a masikimu a ulimi wothirira, monga a ku Hara, Wovwe, Limphasa, Lifuwu ndi Bwanje, ayenera kuyendera ngalande, zitseko za madzi ndi milambala chivomerezi chikangochitika. Mng'alu waung'ono pa khoma la damu umakula msanga madzi akayamba kudutsamo. Ngati khoma la damu lang'aluka kapena likuchucha pamalo achilendo, anthu okhala kumunsi achenjezedwe ndipo alangizi a zaulimi adziwitsidwe mwamsanga.

Chivomerezi chimathanso kusintha madzi a pansi pa nthaka. Chitsime kapena mjigo zikhoza kuyamba kutulutsa madzi amatope, kuchepa madzi, kapena kuphwa. Zimbudzi zokumba zikagumuka zimatha kuipitsa zitsime zapafupi, motero madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala a kolorini kufikira alangizi a zaumoyo atawayeza.

M'madera a m'mapiri chivomerezi chimagwedeza miyala ndi dothi la m'malo otsetsereka, makamaka m'nyengo ya mvula. Zigumukire zimene anthu amati Napolo, monga za ku Phalombe mu 1991, zimadza ndi mvula yamphamvu, koma phiri limene lang'aluka ndi chivomerezi limagumuka mosavuta mvula ikabwera. Kusunga mitengo m'mapiri ndi kupewa kumanga m'tsinde mwa ziphedi kumachepetsa ngozi zonse ziwiri.

Zofunika kwa Asodzi ndi Okhala M'mphepete mwa Nyanja

Mng'alu wa pansi pa madzi ukatsetsereka mwamphamvu, kapena matope a m'malo otsetsereka a pansi pa nyanja akagumuka, madzi amatha kukankhidwa n'kupanga mafunde achilendo, osiyana ndi a mwera. Pa nyanja ya kukula ngati ya Malawi mafunde otere angathe kufika kugombe m'mphindi zochepa, nthawi yolengeza pa wailesi isanapezeke. Chenjezo lake ndi chivomerezi chenichenicho. Nthaka ikagwedezeka mwamphamvu moti munthu n'kulephera kuima, kapena madzi akabwerera m'mbuyo modabwitsa n'kusiya mchenga poyera, onse amene ali pagombe achoke msanga kupita kumalo okwera, osataya nthawi ndi maukonde, mabwato kapena usipa wa pathandala. Asabwerere funde loyamba likangodutsa, chifukwa ena amatsatira. Asodzi amene ali pakati pa nyanja, pamadzi akuya, asathamangire kugombe kufikira madzi atakhazikika.

Kukwera ndi kutsika kwa madzi a m'nyanja kumene kumaoneka chaka ndi chaka kumadza chifukwa cha mvula, kutentha kwa dzuwa ndi madzi otuluka mu mtsinje wa Shire. Kusefukira kwa nyanja pambuyo pa zaka za mvula yambiri si chizindikiro choti kukubwera chivomerezi.

Zofunika kwa Amalonda

Misewu ikuluikulu yolumikiza nyanja ndi kumtunda imakwera zitunda za ming'alu, ndipo miyala ikagwera pamsewu kapena mlatho ukawonongeka, katundu amatha kuima kwa masiku. Oyendetsa galimoto akamva kugwedezeka aime pambali pa msewu, kutali ndi milatho, ziphedi ndi mawaya a magetsi. Asawoloke mlatho umene waoneka ming'alu kufikira akatswiri a misewu atauyendera.

M'masitolo ndi m'magolosale mashelefu amangiriridwe kukhoma, katundu wolemera aikidwe m'munsi, ndipo matumba a chimanga, mpunga kapena feteleza asasanjidwe mpaka kudenga kapena kutsamiritsidwa pa khoma lopyapyala. Mafuta a galimoto, palafini, gasi ndi mankhwala a mbewu zisungidwe pamalo pamene sizingagwe kapena kutayikira, kutali ndi moto. Makomo a misika, malo ogona alendo ndi mosungira katundu asatsekedwe ndi katundu. Mabuku a ngongole, ziphaso za malonda ndi zikalata za malo zisungidwe pamodzi, pamalo osavuta kutenga.

Kamangidwe Koteteza Moyo

Pa chivomerezi anthu ambiri amavulala kapena kufa chifukwa cha makoma ndi madenga ogwa. Zitachitika za ku Karonga, boma linakonza malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo mfundo zake zikuluzikulu ndi zotheka ngakhale kwa banja la kumudzi.

Maziko akumbidwe mpaka pa nthaka yolimba, osati pa dothi lothira kapena pa chulu chofafanizidwa. Khoma la mzere umodzi wa njerwa zogoneka m'litali limagwa msanga, choncho makoma akunja akhale a njerwa ziwiri zolukana. Njerwa zilumane bwino m'makona ndi pamene makoma akumana. Matope kapena simenti yomangira idzaze mipata yonse, ndipo simenti isachepetsedwe mopitirira muyeso pofuna kupulumutsa ndalama. Mazenera ndi zitseko zisakhale zazikulu kwambiri kapena zoyandikira kukona. Pamwamba pa mazenera pakhale bimu ya konkire ndi zitsulo, kapena ya matabwa olimba, yozungulira nyumba yonse mosadukiza, chifukwa ndiyo imamanga makoma onse pamodzi. Denga likhale lopepuka ndi lomangiriridwa bwino ku makoma. Kusanjika miyala kapena njerwa pamwamba pa malata n'koopsa, chifukwa zimagwera anthu. Nsonga ya khoma la m'mbali, imene imakwera mpaka pa mtanda wa denga, ndiyo imayamba kugwa, motero ichirikizidwe kapena ipangidwe ndi zinthu zopepuka.

Sukulu, zipatala, matchalitchi, mizikiti, misika ndi nyumba zosanja zimangidwe motsatira mapulani ovomerezedwa ndi khonsolo ndiponso moyang'aniridwa ndi akatswiri a zomangamanga.

Zoyenera Kuchita Nthaka Ikagwedezeka

Munthu amene ali m'nyumba agwade pansi, alowe kunsi kwa tebulo kapena bedi lolimba, ateteze mutu ndi khosi, ndipo agwiritse mwendo wa tebulolo kufikira kugwedezeka kutatha. Amene ali pakhomo penipeni pa nyumba yosalimba, ndipo panja pali bwalo, atuluke n'kutalikirana ndi makoma. M'kalasi, m'tchalitchi kapena mumsika anthu asakanganirane pakhomo, chifukwa kupondana kumavulaza ambiri. Amene ali panja akhale pabwalo, kutali ndi makoma, mipanda ya njerwa, mitengo ikuluikulu ndi mawaya a magetsi.

Kugwedezeka kukatha, moto wa pambaula, makandulo ndi nyali zizimitsidwe, ndipo onse atuluke mwadongosolo, pothandiza ana, okalamba, odwala ndi aulumali. Wovulala msana kapena khosi asanyamulidwe mwachisawawa pokhapokha ngati pamene wagona pali ngozi ina. Zivomerezi zina zimatsatira kwa masiku kapena masabata, ndipo za ku Karonga zinasonyeza kuti chachikulu chikhoza kubwera pambuyo pa zinzake. Nyumba imene yang'aluka m'makona, yapendekeka, kapena khoma lake lalekana ndi denga, isagonedwemo kufikira itayenderedwa. Mabanja ogona panja agone m'masikito popewa malungo, ndipo asamale ukhondo wa madzi ndi zimbudzi popewa kolera.

Mphekesera ndi Kumene Anthu Angapeze Thandizo

Palibe katswiri, chipangizo kapena bungwe lililonse padziko lapansi limene lingathe kunena tsiku, ola ndi malo a chivomerezi chisanachitike. Chimene akatswiri angathe ndi kusonyeza madera amene ali pachiopsezo ndi kukula kwa chivomerezi chimene chingachitike kumeneko. Mauthenga a pa WhatsApp kapena Facebook onena kuti chivomerezi chibwera usiku wakutiwakuti ndi abodza, ndipo anthu akupemphedwa kuti asawafalitse. Nkhani yoti Africa ikugawika pawiri ikunena za kusintha kotenga zaka mamiliyoni ambiri. Sipereka chifukwa choti munthu agulitse munda kapena asamuke.

Anthu akaona ming'alu yatsopano panthaka, kutitimira kwa malo, kasupe watsopano, kapena kuwonongeka kwa nyumba, milatho ndi madamu pambuyo pa chivomerezi, adziwitse mfumu ya m'dera lawo ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kuti uthenga ufike ku ofesi ya Bwanamkubwa wa boma. Kuchokera kumeneko uthenga umapita ku Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, ndi ku Nthambi yofufuza za miyala, imene imayang'anira zipangizo zoyezera zivomerezi m'dziko muno. Popereka uthenga ndi bwino kutchula mudzi, tsiku, nthawi ndi zimene zawonongeka, chifukwa zimenezi zimathandiza kufulumizitsa chithandizo ndiponso kuzindikira ming'alu imene siinalembedwe. Mafumu, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi makomiti a misika ndi a m'madoko akupemphedwa kufotokozera anthu awo zimene zalembedwa m'nkhani ino.